Kuyeza kutha kwa msewu ndi kamera: mafunso ndi mayankho

Msewu wa tara umayamba kutha pamene onse akuuyamikira kuti udakali bwino. Timing'alu timayamba m'chilimwe, madzi amalowamo mu December, ndipo pofika February madalaivala a minibasi amakhala akuzemba maenje. M'mayiko ambiri mabungwe a misewu amayeza kuwonongeka kumeneku ndi makamera omangirira pa galimoto. Nawa mafunso amene anthu amakonda kufunsa akamva za njirayi.

Kodi kuyeza msewu ndi kamera n'kutani kwenikweni?

Ndi kuyendetsa galimoto yokhala ndi makamera mumsewu, ikujambula phula lonse osadumpha, kenako n'kuwerenga pa zithunzizo ming'alu, maenje, zigamba ndi malo amene miyala yayamba kuyoyoka. Chithunzi chilichonse chimasungidwa ndi malo ake a GPS komanso mtunda kuchokera pomwe msewu wayambira. Motero injiniya atha kunena kuti pa kilomita 42 ndi mamita 300, mbali ya kumanzere, pali ming'alu yotalika mwakuti. Chaka chamawa galimoto ikadutsanso pomwepo, amaika zithunzi ziwirizo pamodzi n'kuona ngati ming'alu ija yakula kapena ili chomwecho.

Makina otere alipo a mitundu ingapo. ARAN ndi ya ku Canada, Hawkeye ya ku Australia, ROMDAS ya ku New Zealand. Ku Britain misewu ya makhonsolo yakhala ikuyezedwa kwa zaka zambiri ndi ndondomeko yotchedwa SCANNER. Kumbali yotsika mtengo kuli foni wamba yomatidwa pa galasi la kutsogolo, imene tiikamba pansipa.

Maenje timawaona ndi maso athu. Kamera ndi yachiyani?

Dzenje likaoneka ndiye kuti tachedwa kale. Misewu yathu yambiri ili ndi phula lopyapyala, pena losafika masentimita 3. Chimene chimasenza thiraki ndi miyala ndi dothi lotsendereza la pansi pake. Phulalo lili ngati denga la nyumba: ntchito yake yaikulu ndi kutchinga madzi kuti za m'kati zikhale zouma. Dzuwa likamaliwomba chaka ndi chaka limauma, limasiya kutanuka, n'kuyamba kung'aluka. Mng'alu wa mamilimita 2 kapena 3 munthu wa pa galimoto sauona, koma madzi amaupeza.

Mukadzaima pa msewu wong'aluka mvula itangokata, mudzayang'ane thiraki ikamadutsa. Tayala likaponda, madzi a matope amatumphuka m'ming'alu, ndipo pakauma pamatsala timizere tofiira kapena totuwa m'mbali mwa mng'alu uliwonse. Dothi limenelo lachokera pansi pa phula. Msewu ukudzikhuthula wokha, ndipo pansi pakutsala mphako. Sabata zingapo, kachidutswa ka phula kamathyoka, tayala lina limakanyamula, dzenje labadwa.

Ming'alu ikapezeka msanga amaithira phula lamadzi, kapena amakuta gawo lonselo ndi phula latsopano lopyapyala ndi timiyala, msewu n'kuwonjezera zaka. Ikasiyidwa, pamafunika kugumula ndi kumanga mwatsopano. Lipoti la World Bank la 1988 linapeza kuti mayiko 85 omwe akutukuka kumene anataya misewu ya ndalama pafupifupi madola 45 biliyoni m'zaka 20, pamene kuisamalira nthawi yake kukanadya ndalama zosafika madola 12 biliyoni. Phindu la kamera lagona pamenepo: imaona matenda adakali aang'ono, pa makilomita mazanamazana, nyengo yokonza isanathe.

Nanga kale ankayeza bwanji? Njira imeneyo yalakwa chiyani?

Siinalakwe, ndipo ikugwirabe ntchito. Akatswiri amayenda wapansi kapena pa galimoto yoyenda pang'onopang'ono, fomu ili m'manja, n'kumapereka malikisi pa gawo lililonse. Kuno kum'mwera kwa Africa ambiri amatsatira buku la ku South Africa la TMH 9, limene limapatsa vuto lililonse mlingo wa 1 mpaka 5. Ku America asilikali omanga anakonza mlingo wa PCI m'zaka za m'ma 1970, woyambira 0 kufika 100.

Vuto ndi lakuti anthu awiri saona mofanana. Wina alemba 2, mnzake pa malo omwewo alemba 3, ndipo yemweyo wa 2 akatopa masana amayamba kulemba mofulumira. Chaka chotsatira akabwera munthu wina, simungadziwe ngati wasintha ndi msewu kapena woyeza. Komanso kuyenda wapansi pa M1, mathiraki akukupemererani mphepo, si ntchito yofunira mwana wa munthu. Chithunzi chimakhalapo mpaka kalekale, ndipo amene akukayika atha kuchitsegula n'kudzionera.

Kamera imafunafuna chiyani pa phulapo?

Choyamba ndi ming'alu, ndipo maonekedwe ake amanena zambiri. Yotsata kutalika kwa msewu kawirikawiri imachokera pa msoko wa pomanga kapena pa dothi la m'mphepete lomwe likufufuma ndi kunyala, monga limachitira dothi lakuda la m'madambo. Yopingasa ndi yogawa phula m'mabokosi akuluakulu imasonyeza phula louma kapena simenti ya m'munsi yomwe yakhwinyata. Yoopsa ndi ija mainjiniya amati khungu la ng'ona, timabokosi ting'onoting'ono tolumikizana, makamaka m'mene mumaponda matayala. Ikatero ndiye kuti pansi patopa, kuthira phula pamwamba sikuthandizanso.

Kupatula ming'alu, imawerenga maenje ndi kukula kwake, zigamba zakale, malo amene timiyala tayoyoka, malo amene phula latuluka pamwamba n'kumanyezimira, ndi tingalande timene matayala amakumba m'kupita kwa zaka.

Kwathu kuno ndingawonjezere chimodzi chimene mabuku a kunja sachipatsa ulemu wokwanira: kubenthuka kwa m'mphepete. Pa sitolo iliyonse pomwe maminibasi amatsika pa tara kukatenga anthu, pomwe ngolo ndi njinga za kabaza zimakwera ndi kutsika, phula limanyenyeka pang'onopang'ono mpaka msewu wa magalimoto awiri kusanduka wa imodzi ndi theka. Kamera yoyang'ana pansi pakati pa msewu yokha ikhoza kuphonya zimenezi. Pafunika ina yoyang'ana kutsogolo, yoona m'mbali monse.

Galimoto ikuthamanga, chithunzi chingaoneke bwanji bwino?

Tiyeni tiwerengere. Pa makilomita 80 pa ola, galimoto imayenda mamita 22 pa sekondi. Kamera ikatsegula diso kwa gawo limodzi mwa magawo 1,000 a sekondi, zomwe kwa wojambula ukwati ndi liwiro lalikulu, msewu umakhala utasuntha mamilimita 22. Mng'alu wa mamilimita 2 umafufutika. Kuti uoneke, diso liyenera kutseguka ndi kutseka mofulumira kuposa pamenepo maulendo oposa 20, ndipo m'kanthawi kotero kuwala kolowa kumakhala kochepa kwambiri. N'chifukwa chake magalimotowa amayenda ndi kuwala kwawokwawo, nyale zamphamvu kapena laser, kuti asadalire dzuwa ndiponso kuti mthunzi wa mitengo usasokoneze.

Makamera ambiri a ntchitoyi sajambula chithunzi chathunthu kamodzi. Amajambula kamzere kamodzi kopingasa msewu, kenako kena, kenako kena, kompyuta n'kumailumikiza kukhala chithunzi chimodzi chachitali. Chimene chimauza kamera kuti jambula tsopano si wotchi, koma kachipangizo komangidwa pa tayala kowerenga mtunda. Dalaivala achepetse liwiro pa bampu kapena athamange pa chigwa, timizere timatalikirana chimodzimodzi.

Zithunzizo zimadya malo. Mbali imodzi ya msewu, mamita 4 m'lifupi, ikajambulidwa milimita ndi milimita, kilomita imodzi yokha imatulutsa timadontho 4 biliyoni. Wogula makina otere aganizirenso za kosungira, magetsi ndi munthu wodziwa kusamala zonsezo.

Chithunzi n'chafulati. Kuya kwa dzenje amakudziwa bwanji?

Amawalitsa mzere wowongoka wa laser mopingasa msewu, kamera n'kuuyang'ana chammbali. Pamene phula lili losalala mzerewo umaoneka wowongoka. Pamene pali dzenje kapena mng'alu umapindikira pansi, pa chotupa umakwera. Popeza mtunda ndi kupendekeka kwa kamera n'zodziwika, kompyuta imasandutsa kupindikako kukhala mamilimita. Makina odziwika kwambiri a mtunduwu ndi LCMS a kampani ya Pavemetrics ya ku Quebec, amene amayeza mamita 4 m'lifupi, pafupifupi milimita iliyonse, galimoto ikuyenda mpaka makilomita 100 pa ola.

Ubwino wake ndi wakuti banga la oilo, ngakhale lide bwanji, lilibe kuya, choncho silinamiza makina. Tingalande ta matayala, timene kale ankatiyeza pogoneka chitsulo chowongoka cha mamita 2 n'kulowetsa kopimira pansi pake, tsopano timayezedwa msewu wonse. Tingalandeti musatipeputse. Mvula ikagwa madzi amadikha m'menemo, ndipo galimoto yothamanga imatha kuyandama matayala osagwira phula.

Ndimamva za IRI. N'chiyani, ndipo kamera ndi imene imayeza?

IRI ndi nambala yonena kuti msewu ukugwedeza galimoto motani. Inachokera pa kafukufuku amene anachitikira ku Brazil mu 1982, ndipo World Bank inaikhazikitsa mu 1986. Amayerekeza tayala limodzi ndi sipuling'i yake likuyenda makilomita 80 pa ola, n'kuphatikiza kukwera ndi kutsika konse pa kilomita imodzi. Msewu watsopano womangidwa bwino umakhala cha pa mamita 2 pa kilomita. Wakale koma wosamalidwa umafika 4 kapena 5. Wa fumbi wokumbikakumbika umapitirira 10.

Kamera wamba siyeza IRI. Imayezedwa ndi laser yoloza pansi pamodzi ndi kachipangizo komva kugwedezeka, kamene kamachotsa kudumpha kwa galimoto yoyezayo. Zonsezi zimakhala pa galimoto imodzi, n'chifukwa chake anthu amazisokoneza. Koma dziwani ichi: msewu utha kukhala ndi IRI yabwino uli wodzaza ming'alu. Wokwera amamva kukoma, pansi pakuwola. Bungwe loyang'ana IRI yokha limadzidzimuka mochedwa.

Zithunzi zonsezo amaziona ndani?

Poyamba anali anthu, atakhala pa kompyuta tsiku lonse n'kumazunguliza mng'alu uliwonse. Lero gawo lalikulu limachitidwa ndi mapulogalamu a AI. Amaonetsa pulogalamu zithunzi masauzande zimene anthu analemba kale kuti apa ndi dzenje, apa ndi khungu la ng'ona, apa palibe kanthu, mpaka iyo itazolowera kuzindikira yokha.

Akatswiri a pa University of Tokyo anatulutsa mu 2018 zithunzi zoposa 9,000 za misewu ya ku Japan zojambulidwa ndi mafoni, kuti aliyense aphunzitsire pulogalamu yake. Pofika 2022 nkhokweyo inali ndi zithunzi zoposa 47,000 zochokera ku Japan, India, Czech Republic, Norway, United States ndi China. Werengani mayikowo kachiwiri. Mulibe dziko la mu Africa.

Ndiye kuti pulogalamu yophunzira kunja ingalakwitse pa misewu yathu?

Kwambiri, ndipo apa ndi pamene ndimafuna kuti ogula makina azifunsa mafunso ovuta. Pulogalamu imadziwa zokhazo zimene inaonetsedwa. Taganizirani zimene ingakumane nazo pa ulendo umodzi wochoka ku Lilongwe kupita ku Salima. Dothi lofiira lokokoloka kuchokera m'minda lakwirira theka la phula. Amayi ayanika chimanga kapena chinangwa m'mphepete. Pa malo ochitira malonda pali makoko a nzimbe, oilo wa mathiraki ndi madzi otayidwa. Dzenje lina anyamata alikwirira ndi dothi ndi zidutswa za njerwa, moti pamwamba pakuoneka posalala, pulogalamu n'kulemba kuti ndi chigamba chabwino kapena osalemba kalikonse. Mthunzi wa nthambi za mango umafanana ndi ming'alu, mawaya a magetsi nawo amajambula mzere wakuda wowongoka pa phula.

Palinso nkhani ya mtundu wa phula. Misewu ya ku Japan ndi ku Norway yambiri ndi yosalala, yothiridwa ndi makina. Yathu yambiri ndi ya timiyala towazidwa pa phula, yokhakhala, yodzaza ndi timipata takuda pakati pa miyala. Pa phula lotere mng'alu wopyapyala umabisala, ndipo nthawi zina pulogalamu imaona ming'alu pomwe palibe.

Mankhwala ake ndi odziwika. Sankhani magawo angapo a msewu, akatswiri awayeze wapansi mosamala, kenako muone ngati makina akugwirizana nawo. Ndipo zithunzi za kwathu zilembedwe ndi anthu a kwathu, pulogalamu iphunzitsidwenso. Imeneyi ndi ntchito yoti ophunzira uinjiniya ku yunivesite ya MUBAS kapena ya MUST angaigwire bwino lomwe. Wogulitsa akakuuzani kuti makina ake amalondola pafupifupi nthawi zonse, mufunseni kuti anawayesera pa msewu wa dziko liti.

Foni ya m'manja ingagwire ntchitoyi?

Ingagwire gawo lake, ndipo gawolo si lochepa. Foni ili ndi kamera, GPS ndi kachipangizo komva kugwedezeka. Mapulogalamu monga Roadroid ya ku Sweden ndi RoadLab Pro imene inathandizidwa ndi World Bank amagwiritsa ntchito kugwedezekako poyerekeza IRI. Ena amajambula vidiyo n'kuwerenga maenje ndi ming'alu ikuluikulu.

Malire ake muwadziwe. Foni imamva msewu kudzera m'galimoto. Land Cruiser ndi Sienta yotha mashoko zikadutsa malo amodzi zimapereka manambala osiyana, ndipo galimoto yomweyo ikasintha liwiro, katundu kapena mpweya wa m'matayala, nambala imasinthanso. Chogwirira foni chikakhala cholobodoka, mukuyeza chogwiriracho. Galasi likachita fumbi kapena dzuwa likakhala kutsogolo, zithunzi zimawonongeka. Timing'alu topyapyala, tija tofunika kwambiri, foni siitiona pa liwiro.

Komabe kusiyanitsa msewu wabwino, wapakatikati ndi woipa, foni imatha. Kwa khonsolo ya boma imene ilibe ngakhale mndandanda wa misewu yake, chimenecho n'chuma.

Kodi pali zimene kamera siingaone?

Zonse za pansi. Siingakuuzeni kuti miyala ya m'munsi ndi yokhuthala bwanji, inatsenderezedwa mokwanira kapena ayi, kapena kuti yanyowa. Mphamvu ya msewu amaiyeza pougwetsera cholemera n'kuona mmene ukunyutukira, ndi makina otchedwa FWD, kapena ndi ndodo yaitali ya Benkelman imene yakhalapo kuyambira m'ma 1950, yoikidwa pakati pa matayala a lole yodzaza. Palinso DCP, ndodo yachitsulo yosongoka imene amaikhomera pansi ndi nyundo ya makilogalamu 8, n'kumawerenga mamilimita amene yalowa pa kumenya kulikonse. Ndi chipangizo chotsika mtengo, ndipo mainjiniya a ku Malawi amachidziwa bwino pokonza mapulani a misewu ya kumidzi.

Kuterera nako kamera siikuyeza mwachindunji. Laser imatha kunena kuti pamwamba ndi pokhakhala motani, koma ngati timiyala tapukutika ndi matayala mpaka kusalala, pamafunika makina okhuza tayala kapena labala pa phula lonyowa.

Ndiye pali kalavati yotsekeka ndi mchenga, ndi ngalande imene anthu alimamo kapena kutayamo zinyalala. Zimenezi zimapha misewu yambiri kuposa china chilichonse, ndipo zimafuna munthu atsike m'galimoto, awerame, asuzumire.

Ingatiuze amene wawononga msewu, kaya ndi kontirakitala kapena mathiraki?

Imapereka umboni, koma siigamula mlandu. Khungu la ng'ona ndi tingalande tikakhala mbali imodzi yokha ya msewu, ija imene mumadutsa mathiraki odzaza, pamene mbali yobwerera opanda katundu ili bwino, chala chimaloza kulemera. Kuwonongeka kukakhala pa malo otsika okhaokha, ndi madzi. Timiyala tikayoyoka miyezi yoyambirira msewu wonse, funso lipite kwa womanga. Koma kutsimikiza kumafuna kukumba ndi kupima ku labotale.

Za kulemerazi, anthu ambiri sadziwa kuti zimakula mwachangu chotani. Kafukufuku wamkulu wa AASHO, amene anachitikira ku Ottawa m'chigawo cha Illinois kuyambira 1958 mpaka 1960, anaonetsa kuti kulemera kwa ekiselo, kutanthauza mzere umodzi wa matayala, kukawirikiza kawiri, kuwononga kumawirikiza pafupifupi maulendo 16. Ekiselo ya matani 12 imawononga kasanu kuposa ya matani 8. Galimoto zazing'ono pa nkhaniyi sizilowa n'komwe m'chiwerengero. Choncho sikelo ya ku Balaka, ku Mwanza kapena ku Songwe ikamagwira ntchito moona, imateteza msewu kuposa kamera iliyonse.

Pamene kamera imathandiza kwambiri ndi pa msewu watsopano. Ujambulidwe wonse tsiku lolandira, ujambulidwenso isanathe nthawi imene kontirakitala amayenera kukonza zolakwika ndi ndalama zake, imene kawirikawiri imakhala miyezi 12. Zithunzi ziwirizo zimathetsa mikangano yambiri.

Nanga misewu ya fumbi?

Ndiyo yochuluka. Mwa makilomita 15,451 a misewu yolembedwa ya boma m'Malawi, ya tara ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi. Pa msewu wa fumbi makina okwera mtengo aja ndi kutaya ndalama. Fumbi limaphimba magalasi, kugwedezeka kumawononga zida, ndipo msewuwo umasintha sabata ndi sabata: lero giredala yadutsa, mawa mvula yakumba. Kukhuthala kwa miyala yotsala amakudziwa pokumba ndi khasu basi.

Vidiyo ya foni ndiyo yoyenera kuno. Imaonetsa pomwe madzi amadula msewu, pomwe pakati padikha m'malo mokwera, milatho ya matabwa yothyoka, ndi malo amene ambulansi imatitimira chaka chilichonse.

Ma drone sangachite bwino kuposa galimoto?

Pa ntchito zina. Madzi akadula msewu, monga zinachitikira m'chigawo cha kummwera ndi namondwe Freddy mu March 2023, galimoto siifika, koma drone imauluka n'kuonetsa kukula kwa chigwembe ndi dothi lofunika kukwirira. Pa zitunda zogumuka ngati za ku Chiweta ndi pansi pa milatho imathandizanso. Luso lilipo m'dziko muno: ku Kasungu kunatsegulidwa malo oyesera ma drone mu 2017, ndipo African Drone and Data Academy inayamba kuphunzitsa achinyamata mu 2020. Koma kuyeza makilomita 300 a timing'alu ndi drone n'kuvutika chabe. Batire silichedwa kutha, mitengo imaphimba, magalimoto amatchinga, ndipo pamafunika chilolezo choulutsira.

Nthawi yabwino yoyeza ndi iti?

Mvula ikangotha, cha mu April kapena May, msewu utauma koma zilonda zake zidakali poyera. Mukatero mumatsala ndi miyezi isanu kapena isanu ndi umodzi yoti mupeze kontirakitala ndi kutseka ming'alu mvula ya November isanagwe. Kuyeza mu October kumangokuuzani zimene simungathenso kuziletsa. Phula lonyowa limanyezimira n'kusokoneza laser, choncho tsiku la mvula galimoto imakhala pansi. Misewu ikuluikulu ndi bwino kuiyeza chaka ndi chaka, ing'onoing'ono pakapita zaka ziwiri kapena zitatu, koma nyengo ikhale yomweyo nthawi zonse kuti manambala afanizike.

Nkhope zathu ndi nambala za galimoto zimajambulidwanso?

Kamera yoyang'ana pansi imaona phula lokha. Yoyang'ana kutsogolo imajambula aliyense amene ali pamsewu. Mapulogalamu ofufuta nkhope ndi nambala alipo, ndipo bungwe lolemba ntchito liyenera kuika zimenezi mu mgwirizano, pamodzi ndi mfundo yakuti zithunzizo mwini wake ndi boma, osati kampani yojambula. Mfundo yachiwiriyi imaiwalika kawirikawiri, ndipo pulojekiti ikatha zithunzi zimapita ndi alendo.

Kodi makinawa alanda ntchito za oyendera misewu?

Amawachotsera kuyenda kotopetsa, n'kuwapatsa ntchito ina. Pafunika woyendetsa ndi kusamala zida, wofufuza ngati makina akunena zoona, ndi wodziwa kumasulira zotsatira. Kapitawo amene wakhala pa msewu umodzi zaka 20 amadziwa kuti pa khona lakutilakuti pansi pali kasupe, chinthu chimene sichidzaoneka pa chithunzi. Mapu a kompyuta amamuthandiza kudziwa koyamba kupita.

Zotsatira zimapita kuti? Kodi zimasintha kagawidwe ka ndalama?

Zimayenera kulowa mu nkhokwe ya misewu, momwe pulogalamu monga HDM-4 imaphatikiza mmene msewu ulili, kuchuluka kwa magalimoto ndi mtengo wa ntchito, n'kulosera kuti gawo lililonse lidzakhala bwanji zaka zikubwerazi mukalikonza kapena mukalisiya. Ku Malawi misewu ikuluikulu ili m'manja mwa Roads Authority, ndipo ndalama zimadzera ku Roads Fund Administration, kuchokera pa msonkho wa mafuta ndi zipata zolipiritsa za pa Chingeni ndi pa Kalinyeke. Mabungwe awiriwa anakhazikitsidwa ndi malamulo a 2006. Ku Zambia ntchito yofananayo ili ndi Road Development Agency, ku Mozambique ndi ANE.

Chovuta n'chakuti zimene manambala amanena sizikoma m'makutu. Kawirikawiri amati: yambani ndi msewu uwu wooneka bwinowu, ukuteni tsopano, ujeni wothekeratu udikire pang'ono chifukwa mtengo woumanganso suwonjezekera kwambiri. Tayesani kufotokoza zimenezo kwa anthu amene akuthyola masipuling'i tsiku ndi tsiku, akuona makina akuthira phula pa msewu wopanda dzenje. Mkwiyo wawo ndi womveka, ndipo maenje oopsa ayenera kutsekedwa ndithu. Koma ndalama zonse zikamathamangira koipitsitsa, misewu yabwino imagwa umodziumodzi, mndandanda wa yoipa n'kumangotalika.

Ine ndimaona kuti njira yokhayo yoti anthu avomereze ndi kuwaonetsa. Mapu a mmene misewu ilili aziikidwa pa intaneti chaka chilichonse, ndi zithunzi zake, kuti wolipira pa Chingeni athe kuona gawo limene linali ndi ming'alu chaka chatha, chimene chinachitika, ndi mmene likuonekera lero. Phungu akafuna kuti ndalama zipite kwina, anene poyera, mapu ali patebulo. Kuyeza kokathera mu kabati ya ofesi n'kungowononga mafuta.

Khonsolo yopanda ndalama zambiri iyambire pati?

Iyambe ndi mndandanda: msewu uliwonse, pomwe wayambira, pomwe wathera, kutalika kwake, wa tara kapena wa fumbi. Popanda zimenezi zithunzi zilibe pokhala. Kenako isankhe galimoto imodzi, foni imodzi ndi chogwirira cholimba, ndipo zikhale zomwezo chaka chilichonse. Dalaivala ayende liwiro limodzi, m'mawa dzuwa litakwera koma lisali kutsogolo, galasi litapukutidwa.

Musathamangire AI chaka choyamba. Anthu awiri akhale pansi, aonere vidiyo, agawe msewu m'magawo a mamita 500, apereke malikisi atatu okha: wabwino, wofuna kukutidwa, wofuna kumangidwanso. Magawo a pakatiwo, ofuna kukutidwa, ndiwo muwayendere wapansi ndi DCP, musuzumire makalavati ake, ndipo ndiwo alowe mu bajeti ya chilimwe chomwecho. Mavidiyo asungidwe malo awiri osiyana, dzina la msewu ndi deti zitalembedwa bwino, chifukwa a chaka chino adzafunika May wa chaka chamawa poyerekeza.